Kompyuta yaloza pogwira njoka, koma wayesa ndani?

Mwana wa mchemwali wanga, amene akumaliza digiri ya sayansi kuno ku Zomba, anandipeza pakhonde Loweruka lina masana ndikusenda chinangwa. Moni anangoudula pakati. Anatsegula laputopu, n'kuiika pampando, nati: "Amalume, taonani. Ndapeza katemera wa kolera."

Pa sikirini panali chinthu chooneka ngati duwa la masamba asanu, chikuzungulira pang'onopang'ono, malo ena atapakidwa utoto wofiira. Anandiuza kuti duwalo ndi chithunzi cha poizoni amene kachilombo ka kolera kamatulutsa m'matumbo, ndipo zofiirazo ndi malo amene asilikali a m'thupi angamugwire. Ntchito yonseyo anaigwira m'masabata atatu, ndipo ndalama imene inatuluka m'thumba ndi ya bandulo ya intaneti basi.

Ndinamufunsa ngati zofiirazo anaziyesapo ndi magazi a munthu amene anadwala kolera n'kuchira. Anaseka. "Aaa, amalume, zimenezo n'za m'tsogolo. Labu yake ili kuti? Mankhwala oyezera agula ndani?"

Yankho limenelo lakhala likundisowetsa tulo. Mnyamatayu sanalakwe, zimene anachita ndi zomwe anzake a ku Pune ku India ndi ku Copenhagen ku Denmark amachita poyamba ntchito yotere. Koma katemera sanamupeze. Chimene anapeza ndi mndandanda wa malo oyenera kukayesedwa. Ndipo maganizo anga ndi akuti tindalama tochepa timene dziko lino limaika pa kafukufuku tipite pa mtunda umene uli pakati pa laputopu ija ndi magazi a msodzi wa ku Kachulu panyanja ya Chilwa, osati pochulukitsa zithunzi za maluwa ofiira.

Mdani amene tikukamba pano ndi wa mtundu wake. Tizilombo tina ta bakiteriya sitipha munthu ndi kuchuluka kwake, timapha ndi poizoni amene timalavula. Kachilombo ka kafumbata, Clostridium tetani, kamangokhala phee pabala, kaya ndi pamchombo wa khanda wodulidwa ndi lumo lakuda, kaya ndi pamene khasu lakutema kumunda. Kachilomboko sikayenda. Amayenda ndi poizoni wake, amene amakwera m'mitsempha mpaka kumsana n'kukatsekereza uthenga wouza minofu kuti imasuke. N'chifukwa chake nsagwada zimauma gwa, msana n'kupindika ngati uta. Poizoniyu ndi waukali moti mlingo wokwanira kupha munthu ndi wochepa kwambiri kuti thupi liphunzirepo kanthu, choncho ngakhale amene wachira kafumbata amafunikabe katemera. Kolera nayenso salowa m'magazi, amangokhala m'matumbo. Poizoni wake ali ndi zigawo ziwiri. Masamba asanu aja, amene akatswiri amati gawo B, ndiwo amamatirira pakhoma la matumbo, ndipo gawo A, lomwe limakhala pakati pa duwa, limalowa mkati n'kutsegula mpopi wa mchere ndi madzi. Wodwala kwambiri amatha kutaya lita imodzi pa ola, chimbudzi chili mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Amene anazindikira poizoniyu ndi Sambhu Nath De wa ku Kolkata mu 1959, poyesa m'matumbo a akalulu, kachilomboko katadziwika kale kwa zaka zoposa 70.

Ngati wakupha ndi poizoni, katemera angophunzitsa thupi kugwira poizoniyo. Nzeru imeneyi ndi yakale. Mu 1890 ku Berlin, Emil von Behring ndi Kitasato Shibasaburo anaonetsa kuti madzi a m'magazi a nyama imene yazolowera poizoni wa kafumbata amateteza nyama inzake. Mu 1923 Gaston Ramon wa ku Institut Pasteur anapeza kuti ukaviika poizoni wa diphtheria, matenda otseka pakhosi, m'mankhwala otchedwa formalin n'kumufunditsa, ululu umatha koma maonekedwe amatsala, moti thupi limaphunzirira pa njoka yozulidwa mano. Chaka chotsatira njira yomweyo inagwiranso pa kafumbata. Jakisoni amene mayi woyembekezera amabayidwa pamkono kusikelo, ndi amene khanda limalandira pantchafu likakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14, gwero lake ndi limenelo. Mu 2002 Malawi anatsimikizidwa kuti wagonjetsa kafumbata wa amayi ndi makanda ngati vuto la dziko. Agogo athu amene ankaika m'manda ana a sabata imodzi, osawapatsa ndi dzina lomwe, ndiwo angakuuzeni kukula kwa nkhani imeneyi.

Ramon sankadziwa kuti asilikali a m'thupi amagwira pati. Ankangopereka njoka yonse, thupi n'kudzisankhira lokha. Funso la m'badwo wa mnyamata wathuyu ndi lakuti: pogwira penipeni ndi pati?

Poizoni wotere ndi puloteni, ndipo puloteni ili ngati chingwe chachitali chotungidwa timikanda ta mitundu 20, timene amati ma amino acid. Chingwe cha kafumbata chili ndi timikanda 1,315. Tsamba limodzi la duwa la kolera lili ndi 103. Antibody, chida chimene asilikali a m'thupi amathira m'magazi, sakumbatira chingwe chonse. Amagwira kamalo kakang'ono ka timikanda khumi ndi tingapo, ndipo kamalo kameneko m'mabuku amakatcha epitope. Ine ndimangoti pogwirira. Ukadziwa pogwirira, sufunikanso kuweta kachilombo koopsa m'mathanki n'kumakathira formalin. Ukhoza kupanga kachidutswa kokhako, kopanda ululu chiyambire.

Pogwirira amapapeza m'labu kapena amapalosera pa kompyuta. Njira ya m'labu inakhazikika mu 1984, pamene Mario Geysen ndi anzake anayamba kupanga tizidutswa tatifupi tolowererana ta chingwe chonse, n'kumathira madzi a m'magazi pa kalikonse kuti aone pamene antibody amata. Njira yolosera inayamba ndi Hopp ndi Woods mu 1981, amene anati timikanda tokonda madzi timakhala kunja kwa puloteni, ndiye ndi pomwe antibody angafike. Mu 1990 Kolaskar ndi Tongaonkar a ku Pune anawonjezerapo yawo. Lero kuli BepiPred ya ku Denmark, kuli nkhokwe ya IEDB ya ku La Jolla ku America, kuli AlphaFold imene kuyambira mu 2021 imajambulira aliyense mmene puloteni yapindikira, zonsezi zaulere. Sindikunyoza ayi. Pamene ife tinali pasukulu, mwana wa ku Jali kapena ku Thondwe sakanalota kuti angazunguze poizoni wa kolera ndi chala chake n'kumuyang'ana mbali zonse. Ndinanyadira Loweruka lija, ndisaname.

Koma tengani chitenje chimene mayi wapinda nkhata kuti asenzere mtsuko. Maluwa awiri amene agundana pankhatapo, mukachitambasula chitenjecho mupeza lina lili kumapeto kuno, lina kumapeto uko. Puloteni nayo imakhala yopindidwa, ndipo malo ambiri amene antibody amagwira ndi otero: timikanda totalikirana pachingwe koma toyandikana pankhata. Ukadula kachidutswa kowongoka n'kubaya mbewa ya m'labu, mbewayo ipanga antibody ndithu, koma wodziwa chitenje chotambasula. Akakumana ndi nkhata yeniyeni m'matumbo, aipitirira osaizindikira. Mu 2005 Blythe ndi Flower anayesa njira mazana angapo zolosera pogwirira kuchokera pa mndandanda wa timikanda, napeza kuti ngakhale zopambana kwambiri zinkangoposa pang'ono munthu wongoloza atatsinzina. Zida zakwera kuchokera nthawi imeneyo, komabe olosera amene amalemekeza ntchito yawo sanena kuti cholosera ndi umboni.

Vuto lalikulu kuposa nkhata ndi la njoka yeniyeniyo. Njoka ili ndi pogwira pambiri. Ukhoza kuigwira kumchira, pamimba, kapena pakhosi, ndipo ponsepo ukhoza kufuula kuti ndagwira. Koma wogwira kumchira njoka imamutembenukira. Ma antibody ambiri amene thupi limapanga amamata pa poizoni mwamphamvu ndithu popanda kumuletsa ntchito yake. Kompyuta imakuuza pamene pangagwirike, koma pamene pamathetsa ululu umapadziwa pokhapokha ukasakaniza poizoni, antibody ndi maselo amoyo m'kambale, n'kudikira kuona ngati maselowo apulumuka. Pa chithunzi cha mnyamata wathu mchira ndi khosi zonse zinali zofiira chimodzimodzi.

Ndipo pali nthawi zimene wagwira pakhosi penipeni, matenda osagonja. Kolera yemweyu ndiye mboni. Mu 1985 ku Matlab ku Bangladesh anayesa akatemera awiri akumwa pa anthu zikwi makumi angapo. Wina anali wa tizilombo takufa tokha, wina wa tizilombo takufa kuphatikiza gawo B, duwa lomwe lija. M'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, wokhala ndi duwa anachepetsa matenda ndi 85 pa 100, winayo ndi 58. Pofika zaka zitatu onse awiri anali cha m'ma 50. Phindu la duwa linali la kanthawi chabe. Shanchol, amene anamwetsa asodzi a m'zimbowera, timisasa toyandama panyanja ya Chilwa, mu 2016, ndi Euvichol amene wakhala akubwera pambuyo pake, alibe gawo B n'komwe. Chitetezo chawo chimachokera makamaka kwa ma antibody ogwira chikopa cha kachilomboko, chimene si puloteni koma shuga wa mtundu wina, amene zida za pa laputopu ija sizimuona. Katemera wokhala ndi gawo B, Dukoral, amafuna kumusungunula m'kapu ya madzi abwino pamodzi ndi mankhwala omuteteza ku asidi wa m'mimba. Taganizani mukugawa zimenezo pa chimbowera pakati pa Chilwa, pamene madzi abwino ndiwo nkhani yonse. Nditamufotokozera izi, mnyamata uja anakhala duu kwa kanthawi. Masabata ake atatu anathera pa gawo limene akatemera amene timamwa kuno analisiya dala.

Ngakhale eni chuma zawagwerapo. Kampani ya Sanofi inasiya mu 2017 kuyesa katemera wolimbana ndi poizoni wa Clostridium difficile, kachilombo kotsegula m'mimba odwala ogonekedwa m'zipatala, itaona kuti katemerayo sakuteteza mokwanira. Wa Pfizer mu 2022 sanakwaniritse cholinga chake chachikulu. Obayidwa ankapanga ma antibody, koma matenda ankawagwirabe.

Ndiye tisiye? Ayi, chifukwa ana athu ali moyo ndi nzeru yomweyi ya kudziwa mkanda ndi mkanda. Poizoni wa diphtheria ali ndi timikanda 535. Mukasintha kamodzi kokha, ka nambala 52, ululu umatheratu popanda formalin. Chotsalacho amachitcha CRM197, ndipo ndi chimene chimasenza katemera wa chibayo wa PCV13, amene makanda a ku Malawi anayamba kulandira mu Novembala 2011. Kusenza kwake n'kotere: shuga wa pachikopa cha kachilombo thupi la khanda silimusamala, koma ukamumangirira pa poizoni wozulidwa mano, thupi limatchera khutu n'kuloweza zonse ziwiri. Katemera wa taifodi amene anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira mu 2018, nachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 pa 100, amasenzedwa ndi poizoni wa kafumbata wozulidwa mano. Chimodzi mwa zifukwa zimene wa kafumbata amasenzera bwino ndi tizidutswa tiwiri, P2 ndi P30, timene maselo a anthu ochuluka kwambiri amatizindikira, ndipo tinapezeka m'labu, pa magazi a anthu obayidwa katemera.

Chitsanzo chimene olosera amakonda kutchula ndi cha Rino Rappuoli ndi anzake a ku Siena ku Italy, amene anayambira pa kompyuta pofuna katemera wa matenda oumitsa khosi a gulu B. N'zoona, anayambira pamenepo. Koma mverani manambala ake. Kompyuta inaloza mapuloteni pafupifupi 600. Okwana 350 anawapanga m'labu n'kubaya mbewa. Amene analowa m'katemera ndi owerengeka ndi zala. Lipoti loyamba linatuluka mu 2000, katemera anavomerezedwa ku Ulaya mu 2013. Kompyuta inachita mbali yake m'miyezi, zaka zonse zotsalazo zinali za mbewa, magazi ndi anthu.

Apa ndi pamene ndikuona mwayi wa Zomba, ndipo ndi pamene ndimapsa mtima. Kompyuta aliyense ali nayo, ndipo pa mpikisano wolosera sitingapose anthu amene magetsi awo sazima. Chimene wa ku Copenhagen alibe ndi nyanja ya Chilwa. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana, unadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700. Zikwi zimene zinachira zikuyenda ndi yankho m'magazi mwawo, ena akupalasa ngalawa pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi, ena akugulitsa matemba mumsika wa Zomba. Thupi la aliyense wa iwo linachita kale mayeso amene kompyuta ikungoyerekeza. Ukathira madzi a m'magazi a anthu makumi awiri otere pa tizidutswa tasanu ndi tiwiri ta mnyamata wathu, tsiku lomwelo udziwa ngati thupi la munthu weniweni limatiwerengera.

Tilinso ndi tizilombo tathutathu. Ofufuza atawerenga majini, ndiye kuti malangizo a chibadwa, a tizilombo ta mliri uja anapeza kuti tinali ta nthambi imene amaitcha AFR15, ndipo n'zodziwika kuti gawo B limasiyana mkanda umodzi kapena iwiri pakati pa nthambi za kolera. Mnyamata wathu anatenga mndandanda wake pa intaneti osafunsa kuti kachilombo kake kanatengedwa kuti, chaka chanji. Kenako pali matupi athu. Maselo a munthu amaonetsa tizidutswa ta mdani kwa asilikali anzawo pa timbale totchedwa HLA, ndipo timbaleti timasiyana munthu ndi munthu. Anthu a mu Africa ndiwo ali ndi majini osiyanasiyana kuposa a kwina kulikonse, koma zida zolosera zinaphunzitsidwa makamaka ndi timbale tofala kwa azungu. Telala akasokera suti pa muyeso wa munthu wina, sungamudzudzule ikakuthina m'khwapa. Muyeso wa Myao wa ku Domasi kapena Mlomwe wa ku Mayaka akapereke ndani ngati si ife?

Kwa amene amaganiza kuti ntchito zotere ndi za kutsidya kwa nyanja zokha: katemera wa anthrax amene ng'ombe za m'maiko ambiri zimabayidwa anapangidwa ndi Max Sterne ku Onderstepoort ku South Africa m'zaka za m'ma 1930, ndipo mphamvu yake imachokera pa gawo limodzi la poizoni wa kachilomboko. Matenda omwewo ndi amene anapha mvuu mumtsinje wa Shire ku Liwonde mu 2018, pakhomo pathu pomwepa. Katemera wa chitopa wa I-2 amene amadontheza m'maso mwa nkhuku zathu amapangidwa ku Lilongwe.

Koma magazi a munthu satungidwa ngati madzi a pamjigo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera oyandikana nawo, ndipo Phalombe ndi gombe lina la Chilwa yemweyu. Wophunzira wofika padoko ndi jakisoni ndi kabokosi kozizira popanda kudzera kwa mfumu akudziitanira miyala. Ine sinditcha mantha amenewa umbuli. Anthu aonapo magalimoto akubwera, magazi akutengedwa, osamvanso kuti anapita kuti ndipo anatulukamo chiyani. Ngati tikufuna msodzi atambasule mkono, timuuze m'chilankhulo chake chimene tikufuna, kalata yachilolezo iwerengedwe pamaso pake osati kungomudinditsa chala, komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku ivomereze, ndipo zotsatira zibwerere padoko pomwepo pamsonkhano wa mudzi. Magaziwo akhale m'firiji ya m'dziko muno. Akatuluka kunja, atuluke ndi pangano lolembedwa lonena kuti phindu lake ndi la ndani, kuti tisadzagule ndi madola chinthu chimene chinapangidwa ndi muyeso wa magazi athu. Zimenezi zimachedwetsa ntchito ndipo zimadya ndalama, koma ndi mbali ya mtunda umene ndikunena uja.

Mnzanga wina, mlangizi wa zaumoyo amene wakhala zaka zambiri akuyenda ndi njinga m'midzi ya kunyanja, nditamuuza nkhaniyi anapukusa mutu. "Achimwene, kolera sitimuthetsa ndi ma epitope anuwo. Tipatseni klorini, mijigo ndi zimbudzi." Akunena zoona, ndipo sindimutsutsa. Mizinda ya ku Ulaya inathana ndi kolera ndi mipope ya madzi ndi ngalande za zonyansa, osati ndi katemera. Mutandipatsa ndalama imodzi n'kundiuza kuti ndisankhe pakati pa mjigo ndi labu, ndikumba mjigo. Koma bajeti ya kafukufuku ilipo kale, yochepa yomweyo, ndipo funso ndi lakuti ikagwere pati. Komanso tikumbukire zimene zinachitika mu Okutobala 2022, mliri wathu uli mkati: bungwe logawa katemera wa kolera padziko lonse linalamula kuti anthu azimwa kamodzi m'malo mwa kawiri chifukwa nkhokwe inali itaphwa. Opanga Shanchol anasiya kumupanga, dziko lonse n'kutsala likudalira kampani imodzi ya ku South Korea. Africa amapanga katemera pafupifupi mmodzi pa 100 alionse amene amagwiritsa ntchito, ndipo African Union ikufuna kuti pofika 2040 akhale 60. Biovac ku Cape Town yayamba kale ntchito ya katemera wa kolera wakumwa. Mafakitale amenewa adzafuna anthu odziwa kuyesa ngati antibody akuthetsadi ululu, ndipo luso limenelo siliphunziridwa pa sikirini. Luso lomwelo ndi limene limabala tizida toyezera matenda msanga, timene mnzangayo angayende nato m'chikwama panjinga yake, m'malo modikira zotsatira kuchokera kutauni wodwala akuuma.

Zimene ndikupempha si fakitale. Makina a ELISA, amene amaonetsa ndi mtundu ngati antibody wamata pa kachidutswa, si chinthu chodabwitsa. Ma labu ambiri a zipatala zikuluzikulu amawadziwa. Pafunika firiji yozizira mpaka madigiri 80 pansi pa ziro, yokhala ndi magetsi a dzuwa kapena jenereta, chifukwa usiku umodzi wa mdima ukhoza kuwononga magazi amene anthu anapereka ndi mtima wonse. Pafunika ndalama zakunja zogulira tizidutswa ndi mankhwala oyezera, zimene sizioneka pa chithunzi cha mwambo wotsegulira nyumba, n'chifukwa chake andale sazikonda. Ndipo pafunika msewu wa mgwirizano. Ku Blantyre kuli Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi-Liverpool-Wellcome, amene ali ndi ma labu ndi anthu ozolowera ntchito ya magazi. Kuno ku Chirunga kuli University of Malawi ndi achinyamata odziwa masamu, kemisitire ndi kompyuta. Kumunsi kuli nyanja. Kuchoka ku Zomba kukafika ku Blantyre pa minibasi sipatha maola awiri, ngakhale kondakitala ataima pa Thondwe ndi pa Namadzi kudikira anthu.

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaika lamulo limodzi: wophunzira aliyense wolemba za kulosera pogwirira asalandire digiri yake asanayese kachidutswa kamodzi kokha ndi magazi enieni, ngakhale zotsatira zitakhala zoti palibe chamata. Zotsatira zoti palibe chamata n'zothandiza kuposa masamba makumi asanu a zithunzi, chifukwa zimauza wotsatira kuti uku usadzere. Magazini a sayansi adzaza kale ndi malipoti a akatemera opangidwa pa kompyuta amene sanabayidwepo ngakhale mbewa imodzi, ndipo dziko losauka lisamalipire ana ake kuti awonjezere mulu umenewo. Anzanga atolankhani nawonso adzigwire. Tsiku limene mudzalembe kuti mwana wa ku Malawi wapeza katemera pamene wangopaka utoto chithunzi, mudzasangalatsa anthu sabata imodzi, koma tsiku limene katemera weniweni adzafike ku Chisi, anthu adzakufunsani za uja munalengeza kale.

Mnyamata uja anabweranso patatha masabata awiri, ulendo uno moni anapereka wonse. Mutu wa lipoti lake anali atausintha. Mawu akuti katemera anawachotsa, n'kulemba kuti malo oyenera kuyesedwa pa gawo B la poizoni wa kolera. Anali atalembera kalata mphunzitsi wina wa ku Blantyre kupempha kuti akaone mmene amathirira madzi a m'magazi pa timbale ta ELISA, ndipo anamuyankha kuti abwere Lachinayi. Chimene ankafuna kwa ine ndi ya thiransipoti. Ndikuwerenga ndalamazo anatsegulanso laputopu. Duwa linali likuzungulirabe, koma zofiira zinali zitachepa.

"Zinazo zapita kuti?"

"Zitatu zinali mkati, amalume, pamene masamba amagundana. Antibody sangafikepo. Ndazifufuta."